Lole ya Chipani Pakhomo la Tchalitchi

Ndikukumbukira sabata imene amayi anayamba kukulunga mbale zagalasi m'nyuzipepala, chonsecho palibe amene anali atatiuza kuti tisamuke. Tinkakhala ku Chililalila, mu Kabwe, m'nyumba ya sukulu, ndipo inali yathu pokhapokha atate akuphunzitsa pamenepo. Ine ndinali mtsikana wa giredi sikisi.

Mkati mwa sabata atate ankagwira choko, Lamlungu ankaimba limba kutchalitchi kwathu. Linali limba lakale lopondaponda, lonunkha polishi ndi mphemvu, ndipo likatopa linkapuma ngati munthu wa chifuwa. Kwaya ya sukulu inalinso m'manja mwawo, ine ndiye woyambitsa nyimbo. Anali munthu wofatsa, koma pa za Mulungu anali nkhutukumve.

Lolemba madzulo kunabwera tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi basi, ndipo ngakhale mumsika sunkalowa wopanda khadi. Mpando anaukana.

"Ba Ticha, pa Sande kubwela bakulu kuchoka ku Lusaka. Lole izafika naini kutenga bana ba kwaya. Na imwe mukwele."

"Lamlungu lino ndi Mgonero, bambo," anatero atate. "Tikaweruka tidzabwera."

"Mgonero siuthaba. Olo mwaibala kwamene banachokela batate banu?"

Agogo anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito mumgodi. Atate anabadwira mu Kabwe momwemo, koma mawu amenewo ankakwanira kumchotsa munthu ntchito. Sabata yonseyo chakudya sichinkatsika. Galimoto ikangoima pamsewu ndinkathamangira pawindo. Amayi anawachonderera atate kuti Mulungu amamvetsa, iwo ankangoyankha kuti Mgonero umabwera kamodzikamodzi pachaka, ndipo mpingo sungaudye limba lili chete.

Lamlungu lole inapeza kusukulu kulibe mphunzitsi, ndiye inatilondola kutchalitchi. Inaima pakhomo penipeni, injini ikulira, utsi wa dizilo ukulowera m'mawindo. Huta ya loleyo inayamba kulira mpingo uli pa nyimbo yokonzekera Mgonero. Tsono atate anali ndi khalidwe lawo, sankadumpha ndime. Ankati ndime imene wadumphayo mwina ndi imene wina wadzera. Nyimbo ya tsikulo inali ndi ndime zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkaziwerenga pa zala.

Pa ndime yachinayi akulu a mpingo anayamba kuyang'anana. Abusa enieniwo anakweza dzanja pang'ono kuti zikwane. Atate maso anali pabuku. Ine ndinakhala kutsogolo, ndiye ndinkaona zimene ena sankaona: malaya awo anali atanyowa msana wonse, ndipo mawondo ankanjenjemera popondaponda limba. Mpaka tsiku limenelo ndinkayesa kuti atate saopa kanthu. Nditaona kuti akuopa, mantha anga anachita kuwirikiza. Lole inachoka tili pa ndime yomaliza.

Titaweruka tinayenda wapansi m'fumbi mpaka kubwalo la msonkhano. Tinafika cha m'ma wani, koma bwana wa ku Lusakayo anatulukira folo koloko. Tinaimba, iye anawomba m'manja, ine n'kuganiza kuti zatha. Amayi mbale sanamasule.

Patapita masabata atatu kunabwera envulopu ya khaki. Atate anawasamutsira kusukulu ya kumudzi, ulendo wa masiku awiri. Nyumba inapita. Ife tinakapanikizana kwa amalume ku Ngungu kuti timalize sukulu, atate anapita okha ndi sutikesi ndi buku la nyimbo. Kwa zaka zisanu tinkawaona pa holide pokha, ndipo ndisaname, ndinawakwiyira nthawi yaitali. Ndinkati chikhala anadumpha ndime zinayi zokha, bwenzi tili kwathu.

Lero zipani zachuluka ngati matimati pamsika, ndipo palibe lole imene ingakuimire pakhomo la tchalitchi. Munthu akhoza kukana n'kugona tulo m'nyumba yake yomweyo. Inenso ndinadzakhala mphunzitsi mpaka kupuma, m'nthawi yofewa imeneyi. Pa maliro a atate anandipempha kuti ndinene za moyo wawo, ndipo ndili chiimire pamenepo ndinayesa kukumbukira tsiku limene ine ndinakanapo bwana chifukwa cha chimene ndimakhulupirira. Sindinalipeze.