Phuma ndi Thabwa Lotchedwa Chitseko

Tsiku limene Phuma analephera mpikisano, sanafike n'komwe pomalizira. Anachita kukamutenga pa boti yopulumutsira anthu, ali khale pansi, milomo ili mbuu. Thabwa lofiira limene analilawirira m'mawa linkakokedwa kumbuyo ndi chingwe. Anali atagwera m'madzi maulendo 31. Woyendetsa boti ndiye ankawerenga, ndipo bamboyo sankadziwa kusunga chinsinsi.

Pamchenga panaima alamu ake, mkazi wa mchimwene wake, atagwira dzanja la mwana wa Phuma, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi.

"Alamu, taona tokha," anatero mayiwo. "Mwanayu abakhala kwathu. Mukadzapeza pokhala pooneka, mudzatiuze."

Sananene mwachipongwe ayi, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka kwambiri. Mwana uja anangobayibitsa, n'kumapita akucheukacheuka.

Inu amene zinthu zinakukanikanipo anthu akuonerera, nkhaniyi ndi yanu. Amene simunachitepo manyazi pagulu, werenganibe, tsiku lanu likubwera.

Dzina loti Phuma anam'patsa ndi anzake a kuntchito, chifukwa mayiyu sankatha kukhazikika. Tiyi ankamwa choimirira. Mayeso a kusekondale analephera kawiri, osati chifukwa cha umbuli, koma ankayankha funso asanamalize kuliwerenga. Bambo wa mwana wake anapita kukasaka ntchito kutali, n'kusintha nambala ya foni. Phuma anagulitsapo zipewa m'mbali mwa nyanja, kenako anapeza ganyu pa kalabu yobwereketsa mathabwa a pamadzi. Awa ndi mathabwa ataliatali, opepuka, amene munthu amaimirirapo n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Ntchito yake inali kuwatsuka mchenga, kuwasenza ndi kuwasanja m'shedi. Ankagona m'chipinda chimodzi ndi azimayi ena atatu, ndipo eni nyumba sankalola ana.

Kalabuyo inkalemba anthu operekeza alendo pamadzi, ndipo ntchitoyo inali ndi chipinda chake kuseri kwa shedi. Phuma ndiye ankachisesa chipindacho Lachisanu lililonse, moti ankadziwa ngakhale pakona pamene pakanakhala kabedi ka mwana. Kuti ulembedwe, unkayenera kupambana mpikisano wa antchito wa makilomita khumi ndi awiri, wopalasa motsatira mphepo, mafunde akukukankha kumbuyo. Mpikisanowo unkachitika kawiri m'nyengo ya mphepo, ndipo ulendo uliwonse ankatenga munthu mmodzi. Mwayi woyamba unali utapita. Wachiwiri unali patsogolo ndi masabata asanu ndi limodzi.

Lamulo la pamenepo linali lakuti woyamba kufika pashedi m'mawa ndiye woyamba kusankha thabwa. Aliyense ankalimbirana lofiira lija, lowonda, la mainchesi 21 okha m'mimba mwake, mphuno yake yosongoka ngati mpeni. Aliyense ankadziwa kuti thabwa lowonda ndilo limathamanga, ndipo sankanama.

Mawa lake la tsiku lolephera lija, Phuma ankatsuka mathabwa mwaukali, madzi akumwazikira paliponse. Kumapeto kwa shedi kunali mmisiri womata mathabwa osweka, bambo wachikulire wa pakamwa powawa amene onse ankamutchula kuti a Guluu.

"Unagwa kangati?" anafunsa a Guluu, maso ali pa ntchito yawo.

"Mwamva kale, bambo."

"Ndikufuna ndimve kwa mwiniwake."

"Maulendo 31."

"Kugwa, kusambira, kukwera, kuimiriranso. Zimadya nthawi yaitali bwanji?"

"Kaya. Mwina mphindi imodzi."

"Ndiye theka la ola unali m'madzi. Iwe unapita kokasamba, osati kumpikisano."

Phuma anafuna kuwaponyera siponji, koma anadzigwira. A Guluu anadzuka n'kukoka thabwa lina limene linali pansi penipeni pa anzake. Linali loyera kalekale, tsopano lachikasu, zigamba thupi lonse. M'mimba linali mainchesi 26, mphuno yopindikira m'mwamba, ndipo poimirira panali pokumbika ngati beseni. Antchito ankalitcha Chitseko.

"Ili ndi la alendo amantha!" anatero Phuma. "Mukufuna anthu andiseke kachiwiri?"

"Lofiiralo analipangira madzi abata," anayankha mmisiriyo. "Mphuno yake imang'amba madzi. Koma funde likakukankha kumbuyo, mphunoyo imakalasa funde lakutsogolo n'kumira, iwe n'kuuluka. Ili mphuno yake imakwera pamwamba. Akatswiri amatha kuima pa lowondalo, inde. Miyendo yako sinafikepo."

Phuma sanakhulupirire, ndipo ine sindimuimba mlandu. Kuuzidwa kuti chinthu chokongola si chako kumawawa. Anabwereka wotchi ya a Guluu, n'kunena kuti ayesa yekha kuti awachititse manyazi.

Anasankha mtunda wa makilomita awiri, kuchokera pa mwala waukulu kukafika padoko. Akaweruka ankatenga thabwa limodzi, n'kulemba nthawi yake ndi choko pakhoma la shedi. Tsiku labata, lofiira linapambana kutalitali, ndipo Phuma analowa m'shedi akukuwa kuti aliyense amve. A Guluu anangopitiriza kupala chigamba chawo.

Tsiku la mphepo zinatembenuka. Pa lofiira anagwa kasanu ndi kanayi. Pa labuluu, la mainchesi 23, anagwa kanayi. Pa Chitseko anagwa kamodzi, ndipo anafika msanga ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Anayang'ana manambalawo, n'kuwafufuta ndi chikhatho, ati wotchi yalakwitsa. Anabwerezanso kawiri, ndipo wotchi inalakwitsa chimodzimodzi maulendo onsewo.

Vuto limene linatsala linali mwiniwakeyo. Phuma ankapalasa osapuma, ngati munthu wothawa galu. A Guluu anamuonerera ali padoko, n'kumuitana.

"Ukulimbana ndi ndani? Ukamapalasa funde lili kutsogolo kwako, ukukwera phiri. Dikira. Ukamva kumbuyo kwa thabwa kukunyamuka, mphuno ikuloza pansi, menya katatu mwamphamvu, bweza phazi m'mbuyo, usiye. Funde likunyamula lokha."

"Ndingoima chabe?"

"Ungoima chabe."

Kwa Phuma kumeneko kunali kovuta kuposa kugwa. Manja ankamuyabwa. Ankayamba kupalasa funde lisanafike, mphamvu n'kuthera pachabe. Tsiku lina zinatheka mwangozi, atatopa kwambiri moti analephera kukweza nkhafi. Thabwa linanyamuka, madzi anayamba kulira pansi pake, ndipo anayenda mtunda wautali asanapalase n'kamodzi komwe. Anaseka yekha pakati pa madzi ngati wamisala.

Atangoyamba kuzigwira, mphepo inaleka. Masiku khumi ndi awiri nyanja inali zii, mbendera ya padenga la kalabu ili lende. Phuma ankatuluka m'shedi kukaiyang'ana, kubwerera, kutulukanso. Ankatsuka mathabwa otsuka kale. Anzake a m'chipinda anadandaula kuti akumayendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ataimba foni kwa alamu ake, mwana anamuuza mokondwa kuti dzino lake lakutsogolo laguluka, ndipo azakhali ndiwo analizula. Phuma anati wachita bwino, n'kudula foni msanga kuti mwana asamve kuti mawu asintha. Zinamuwawa kuti dzino loyamba la mwana wake anachita kulimva pafoni.

Mphepo inabwerera kutatsala masiku anayi okha, ndipo masiku anayiwo sanawaseweretse.

M'mawa wa mpikisano, Phuma anali woyambanso kufika pashedi. Koma mbendera inkangogwedera pang'ono chabe. Madzi a pafupi ndi gombe anali osalala, amene thabwa lofiira limawakonda. Linali pomwepo pashelefu, likunyezimira. Mphepo ikapanda kukula, Chitseko chinali choti chifika chomalizira, ndipo chipinda chija chipita kwa wina. Phuma anagwira lofiira, n'kulisiya. Analigwiranso. Anayang'ana a Guluu.

"Usandiyang'ane ine," anatero bamboyo. "Miyendo ndi yako, mwana ndi wako."

Anthu asanu anali atandanda kumbuyo kwake, akumufulumizitsa. Phuma anatuluka, n'kukwera makwerero a thanki ya madzi mpaka pamwamba. Gombe lawo linali lobisika kuseri kwa phiri lolowera m'nyanja. Atayang'ana kupitirira phirilo, anaona timadontho toyera ta thovu la mafunde tikuphulika pamadzi, kutali. Anatsika, n'kukoka Chitseko.

Shedi yonse inafa ndi phwete. Wophika wa pakalabupo, bambo wowonda wa miyendo yolimba, anatola lofiira lija mwachangu.

"Zikomo, achemwali," anatero. "Mukafika mawa, mudzandipeza ndakuphikirani tiyi."

Wezulo italira, zimene Phuma ankaopa zinachitika. Makilomita atatu oyambirira anali a madzi abata, ndipo onse asanu anamusiya. Thabwa lofiira linasanduka kadontho. Chitseko chinkalemera ngati akukoka ngolo, ndipo mumtima ankadzitukwana. Ankaganiza za alamu ake amene anali kudikira komalizira, mwana ali pambali, chifukwa kamtsikanako kanachita kulirira kuti kabwere.

Atangodutsa phiri lija, mphepo inamumenya kumsana. Madzi anasintha mtundu. Funde loyamba analiphonya chifukwa chopupuluma. Lachiwiri linamugwetsa, ndipo anakwera akutsokomola. Ataimiriranso, anadziletsa. Anadikira mpaka kumbuyo kwa thabwa kutanyamuka, anamenya katatu, anabweza phazi, n'kusiya. Chitseko chinathamanga.

Funde lina likamutula, ankayang'ana dzenje la pakati pa mafunde kutsogolo kwake, n'kulowetsamo mphuno ya thabwa, lina n'kumutenga. Anadutsa munthu woyamba akusambira kuthamangira nkhafi yake. Anadutsa awiri atagwada pamathabwa awo. Wachinayi anamukuwira mawu amene mphepo inawauluza. Pa kilomita yachisanu ndi chinayi anapeza wophika uja akukwera pa lofiira, tsitsi likuchucha, nthabwala zonse zitatha. Phuma anamudutsa osacheuka.

Musafulumire kuwomba m'manja. Malo omalizira anali m'gombe linanso lobisika, ndipo kilomita yomaliza madzi anakhalanso bata. Mafunde anatha, Chitseko chinayambanso kulemera, ndipo kumbuyo kunkamveka nkhafi ya wophika ikuyandikira. Panalibenso chodikira. Phuma uja wosadziwa kupuma, amene anzake a m'chipinda ankamudandaula, apa ndiye anali pakwawo. Anapalasa ngati wapsa moto, mapewa akuyaka, maso ali pa mbendera ya pamchenga. Mphuno yofiira inafika pambali pake. Iye anawonjezera.

Anapambana ndi mtunda wosakwana utali wa thabwa limodzi. Atadumpha, anangokhala pansi m'madzi ofika m'mawondo. Mwana anamuthamangira ndi nsapato zomwe.

Lamlungu lotsatira, alamu ake anabweretsa mwana ku chipinda cha kuseri kwa shedi, atanyamula chikwama ndi bulangete. Anaima pakhomo, osafuna kulowa, n'kuyamba kufotokoza.

"Mazira owiritsa sadya, koma okazinga. Akamakanda khutu lakumanzere, ndiye kuti chimfine chayandikira. Tsitsi muzimupesa kuyambira kunsonga, apo ayi alira." Mayiwo anali atamulera mwanayo zaka ziwiri.

Phuma anazindikira kuti zonsezi sankazidziwa za mwana wobereka yekha. Anachita manyazi, komanso anawamvera chisoni mayiwo.

"Alamu, Loweruka lililonse azibwera kwanu," anatero. "Ndipo zimene mwanenazi mundibwerezere, ndilembe."

Alamu aja atapita, mwana anayendera chipinda chonse, anatsegula zenera n'kulitseka, anayesa kabedi kake. Kenako anaima pakati, nkhope ili yodandaula.

"Amayi, mawa ndidzukanso konkuno?"

"Konkuno."

"Nanga mkuja?"

"Ndi mkuja womwe, mwanangu."

Mwanayo anavula nsapato zake, n'kuzilowetsa pansi pa bedi.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina mwakhala mukudzitcha wolephera pamene vuto ndi lakuti munanyamula chida cha munthu wina chifukwa aliyense ankachisirira. Chiyeseni ndi mphamvu zimene muli nazo lero, osati zimene mumalakalaka mutakhala nazo. Chikakukanani, tengani chimene mungathe kuimapo, ngakhale anthu aseke mpaka kugwira nthiti. Pali wina amene akudikira kuti mufike, ndiye mtima wokhawo musautaye. Kwerani, muimirirenso.