Tsiku limene tinawerenga nthiti za ababa

Chaka chimenecho ababa anatsokomola dzinja lonse, koma za kuchipatala ankakana kwamtuwagalu. Anali kapitawo pa esiteti ya tiyi komanso mkulu wa mpingo, ndiye mukudziwa kale kuti munthu wa maudindo awiri salangizidwa ndi mwana wamkazi. M'mawa akamatsika kumunda, othyola tiyi ankayamba kumva chifuwa, mwini wake n'kutulukira pambuyo m'nkhungu. Aulesi anapindula nacho, chifukwa chinkawachenjeza kuti adzuke m'mizere. Ife kunyumba sitinkaseka. Lamba anali ataboola kale mabowo atsopano ndi msomali, ndipo amayi ankayanika zofunda m'mawa uliwonse chifukwa cha thukuta. Ine ndinkaopa kuti tiwaika m'manda kokolola kusanafike.

Mankhwala awo anali pemphero, mandimu ndi kufukiza masamba a bulugama. Ukangotchula dokotala, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amene anandiumba ndi amene adzandikonze. Njinga sumapita nayo kwa telala."

Ine ndimaphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Luchenza. Ababa ntchito yangayi ankaitchula kuti za anyani zija. Pagulu ankanyadira kuti mwana wawo ndi mphunzitsi, koma wina akafunsa kuti wa phunziro lanji, ankayankha kuti Masamu.

Foni ndinawagulira ndekha, ndipo ndinadziputira mavuto. Atangolowa m'gulupu ya abambo a mpingo, ndikapita kwathu kumapeto kwa sabata ndinkapeza milandu ikundidikira pakhonde. Lero akuti nthochi zikubayidwa jakisoni, mawa akuti akumba chitsime n'kumva anthu akulira pansi. Ntchito yanga inali yofufuza ndi kutsutsa, ntchito yawo inali yosamva.

Tsiku lina ndinawapeza akumwetulira ndisanatsike n'komwe pa kabaza.

"Khala pansi, aphunzitsi. Anzako aja avomera okha."

Inali vidiyo. Mzungu wovala jasi loyera anaima pafupi ndi mafupa a munthu, akuloza ndi kandodo. Pamwamba pake wina anaikapo mawu a Chichewa onena kuti asayansi apeza kuti mwamuna ali ndi nthiti zochepa poyerekeza ndi mkazi, chifukwa imodzi ija inachotsedwa pachiyambi n'kupangira mkazi. Mzunguyo ankatseka pakamwa, Chichewa chikupitirirabe.

Ndinajambula nkhope yake n'kuifufuza pa intaneti. Sizinachedwe. Vidiyo yeniyeni inali yotsatsa malonda: bamboyo amagulitsa matiresi a anthu odwala msana. Ndinawaonetsa ndikudzimva ngati ndawina mpira.

Ababa anaonera mpaka kumapeto, kenako anati, "Yanga yachokera pafoni. Yakonso yachokera pafoni. Ndiye yako yakhala bwanji yoona?"

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa funsolo linali labwino. Ndi lomwe ndimafunsa ana m'kalasi.

Amayi, amene ankasenda chinangwa pambali, ndi amene anadula mlandu.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nthitizo zili kunja kwa dziko? Abambo, vulani shati."

Ababa anavula. Ndinali ndisanawaone opanda malaya kwa nthawi yaitali. Nthiti zinali pamtunda ngati nsungwi za dengu lakale. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Amayi anapukuta manja n'kuyamba kuwerenga. Apa m'pamene ndinadziwa kuti mkulu wa mpingo, woopedwa ndi esiteti yonse, sapirira kugirigishidwa. Ankapindika, kuseka, kutsokomola, kukalipa, zonse pamodzi. Amayi anapeza teni kumanja, leveni kumanzere. Ine ndinali nditanena kuti zimakhala twelofu mbali iliyonse, ndipo ndinayesa kufotokoza kuti zapamwamba zimabisala kuseri kwa fupa la m'munsi mwa khosi, koma ndani akanandimva?

"Mwaona!" ababa anakuwa. "Pavidiyo anati imodzi. Ine zikusowa zitatu!"

"Zitatu?" amayi anaima atagwira m'chiuno. "Ine ndine mmodzi. Awiri enawo mukuwasunga kuti? Ku Goliati kumene mumati mukukalalikira kuja?"

Kuti chilungamo chioneke, tinayenera kuwerenganso za amayi. Koma amayi anga ndi munthu wodalitsika m'thupi. Ndinabaya ndi chala uku ndi uku osapeza ngakhale imodzi. Ababa anati umboni wathawa, mlandu watha, iwo apambana.

Amayi anabwerera ku chinangwa chawo. Patapita kanthawi anayankhula osadzutsa mutu, ngati akunena za mtengo wa mchere.

"Kuchipatala cha mishoni kuli makina ojambula m'kati mwa munthu. Tikajambulitse tonse awiri. Zanu zikapereweradi, mwanayu akapepese pamaso pa ana asukulu."

Ndinatsala pang'ono kutsutsa kuti ine sindipepesa kwa aliyense, koma amayi anandiponda chala. Ndipamene ndinazindikira.

Ababa anaganiza pang'ono. "Ndipo chithunzicho ndikachiika pagulupu."

"Muikenso pa geti ya fakitale ya tiyi," anatero amayi.

Munthu amene anakana chipatala miyezi yonseyi analawirira atavala suti ndi tayi, nsapato atapolisha. Panjira ankauza aliyense kuti akupita kukachititsa manyazi sayansi.

Tinapeza dokotala wachitsikana, wamng'ono kwa ine. Chifuwa anali atachimva kale tili pamzere.

"Mukumva bwanji m'thupi, bambo?"

"Sindikudwala ine. Ndabwera kudzawerengetsa nthiti."

Dokotalayo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana kudenga. Anayang'ana ine, ine ndinaphethira kwambiri mpaka maso kuwawa. Mtsikanayo ndimamudalitsa mpaka lero, chifukwa sanaseke.

"Timawerenga, bambo. Koma lamulo la pano, wowerengetsa nthiti amasiya kaye makhololo m'kabotolo aka. Amayinso tiwajambula, poti mumagona chipinda chimodzi."

"Lamulo ndi lamulo," anatero ababa. Iwo chinthu chikangotchedwa lamulo ankachilemekeza.

Zithunzi zinabwera pa kompyuta, cha ababa kumanzere, cha amayi kumanja. Ababa anakonza magalasi, kutulutsa cholembera m'thumba la jekete, n'kuyamba kuwerenga mokweza monga amawerengera othyola tiyi pa sikelo. Zam'munsi zinkaoneka mwachimbuuzi, dokotala n'kukuza chithunzi. Twelofu. Mbali inayi, twelofu. Anapita pa cha amayi, akuyembekeza kupeza yapadera. Twelofu, twelofu. Anabwerezanso kuyambira pansi, mwina pokwera zisintha.

Ndinadikira kuti agonje. Ndinali nditaiwala kuti ndi mlaliki.

"Ndiye n'zomveka," anatero akubweza cholembera m'thumba. "Opaleshoni anachitidwa munthu woyamba yekhayo. Mlonda wathu uja anaduka chala ndi chikwanje, koma ana ake onse anabadwa ndi zala zokwanira. Iwe zimenezi sumazidziwa? Kusukuluko mumaphunzitsa chiyani?"

Zimenezo ndi zomwe ndimaphunzitsa Fomu 4 chaka ndi chaka.

Koma maso awo sanachoke pa kompyuta. Pamwamba pa phapo lawo la kumanja panali poyera, pamene pa cha amayi panali pakuda bwinobwino. Analoza ndi chala, mawu atatsika.

"Nanga apa?"

Dokotala anawauza mosazungulira kuti zikuoneka ngati chifuwa chachikulu, kuti makhololo ndi amene atsimikize, ndiponso kuti chimachizika munthu akamwa mankhwala mosadumphitsa kwa miyezi ingapo. Ababa anangogwedeza mutu. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chithunzicho.

Makhololo anatsimikizadi, mankhwala anamwa, ndipo anachira. Pagulupu sanaikepo kanthu. Koma chimene chimandibwerera n'zomwe zinachitika pa benchi ya panja tsiku lomwe tinakajambulitsa lija, amayi atapita kukagula nthochi kugeti. Ndinali nditakonzeka kuwaseka kuti tawakola ngati mbewa. Anandiyambirira ndi iwo.

"Ukuganiza kuti msampha wa mayi ako sindinauone? Ndinauona pakhonde pomwe paja."

"Nanga bwanji munavomera, ababa?"

Anayang'ana minda ya tiyi kutsidya.

"Achimwene anga analowa pa geti iyo akutsokomola chonchi. Iwe unali usanabadwe. Tinawatulutsira ku geti ya kuseri ali m'bokosi." Anapukuta magalasi ndi tayi. "Kubwera kuno ngati wodwala sindikanatha, mwanawe. Ndimaopa. Koma kubwera kudzakangana, chimenecho ndimachitha."

Iwo anayesa kuimirira, n'kukhalanso pansi.

"Tandigwira mkono," anatero. "Miyendo ikunjenjemera, mayi ako asaone."