Hadi Draivu Yakale Sindinaisiye

Mwachoma bwanji nonse. Ndine Tiyamike, ndabwereka foni ya ba Sisi.

Lero ine ndi ba Malume Chanda tinapita ndi kompyuta ya kunyumba kwa okonza ku Kaunda Square, chifukwa hadi draivu yake yayamba kulira tiki-tiki. Okonzawo anatulutsa ma draivu ena awiri. Anati SSD, yothamanga komanso yosaopa kuzimazima kwa malaiti, atipatsa tikawasiyira yakaleyo kuti aiphwasule. Apo ayi, titenge ya mtundu wakale yozungulira mkati, yochedwa.

Ba Malume anavomera msanga kusiya yakaleyo. Ine, amene mumati ndilibe pakamwa, ndinati ayi. Zithunzi zonse za malemu amayi zili mmenemo, ndi mawu awo akuimba kukwaya, ndipo okonzawo anati alibe nthawi yokopera.

"Iwe mwana, wayamba liti kuyankha akulu?" anatero ba Malume pamaso pa anthu.

Ndinatola draivu yakaleyo patebulo ikadali yofunda, n'kuikulunga m'sokosi yanga ya kusukulu. Tagula yochedwayo. Izichedwa, ndizidikira.

Ba Malume anandikwiyira njira yonse mu minibasi. Ngati ndalakwa ulemu ndipepesa, koma draivu sindibweza. Inuyo mukanawasiya amayi pashopu paja?