Matenda Anali Anga, Wogwada Anali Agata

Inu owerenga, ine ndine munthu amene ndinalola mkazi wanga kutchedwa wachigololo pamaso pa mpingo wonse, chonsecho wodwala ndinali ine, wolakwanso ndinali ine ndemwe. Ndakalamba tsopano, mano atha m'kamwa, koma ndikakumbukira nkhaniyi ndimasowabe pobisa nkhope. Ndikuinena kuti mwamuna wina amene akubisa matenda ngati anga amve, asadzachite zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi cha ku Nambuma, koma ndinakakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Namitete. Mkazi wanga anali Agata, mtsikana wofatsa, woyimba bwino m'tchalitchi. Tonse tinali Akatolika ndipo ukwati wathu anaudalitsa ansembe. Tisanakhalitse m'banja, ndinalembedwa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Zipolopolo zonse zinandiphonya. Chimene chinandipeza ndi matsagwidi, matenda a ana, nkhondo itatha kale, tili pa kampu kudikira ulendo wobwerera kwathu. Anzanga ankandiseka ndi masaya otupawo, inenso ndinkaseka nawo. Koma kutupa kutachoka m'masaya kunatsikira kumusi, ku ziwalo zaumuna, ndipo ndinagona ndi ululu umene sindingathe kuufotokoza. Kutupako kutaphwa, ziwalozo zinafota. Sindinauze munthu aliyense.

Ndinafika kumudzi ndi jasi la usilikali ndi nsapato zazikulu, ana akundithamangira m'mbuyo. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti amene wabwerayu si uja anapita. Ndevu zinayamba kumera mwa apo ndi apo. Khasu linkandilemera dzuwa lisanakwere, mpaka apongozi anga, mayi wachikulire, ankandipitirira pa mzere. Mtima unkangokhala wolefuka, nkhuku ikadutsa pakhonde ndinkaikalipira ngati munthu. Ndipo m'nyumba, ine ndi Agata tinasanduka munthu ndi mlongo wake. Iye sanadandaule. Ankati ndi kutopa kwa kunkhondo, kudzatha.

Inu a masiku ano mwina simudziwa kuti mkamwini anali ndani. Ankamulandira m'mudzi chifukwa cha zinthu ziwiri, khasu ndi ana. Ine zonse ziwiri zinali zitandikana. Amayi a m'mudzimo, posadziwa, anayamba kukayikira Agata. Ankamubweretsera mizu yowawa kuti amwe, ati chiberekero chake n'chozizira. Iye ankangolandira n'kumwa, nkhope ili tsinya, ine ndikuyang'ana kumbali.

Apa m'pamene ndinayamba kufunafuna dokotala. Ndinayambira pafupi, pa kachipatala ka mishoni. Kumeneko odwala tinkaima pa mzere pakhonde, ndipo asisitere ankafunsa matenda onse akumva. Kumbuyo kwanga kunali amayi awiri a m'mudzi mwathu. Itafika nthawi yanga ndinangoti m'mimba mukundipota, n'kulandira mankhwala a njoka za m'mimba zimene ndinalibe. Ulendo wachiwiri ndinadikira anthu onse athe, ndipo ndinayesa kufotokoza mozungulirazungulira. Asisitere aja atamva kumene nkhani ikulowera, anayamba kukonza mabotolo amene anali okonza kale. Anandiuza mwaulemu kuti zimenezo iwo sazidziwa, ndikapemphere, ndidye bwino, ndipo ndikaonane ndi dokotala wamwamuna ku boma.

Ndinayesa kaye sing'anga wa ku Kabudula, mobisa, popeza Mkatolika sankaloledwa. Kunyumba ndinanama kuti ndikukafuna mbewu ya fodya. Anandipatsa mizu yotafuna ndi ina yothira m'phala. Ndinasanza mpaka kuona mdima, koma palibe chinasintha.

Kenako ndinalimba mtima n'kupita ku chipatala cha boma. Dokotala anali mzungu wosadziwa chinenero chathu, ndiye pakati pathu panaima womasulira. Nditamuyang'anitsitsa womasulirayo, ndinapeza kuti ndi mnyamata wa mudzi woyandikana ndi wa mkazi wanga, ndinkakumana naye ku Misa. Ndinanena theka la nkhani, theka lina ndinameza. Mzungu uja atamva kuti ndinali msilikali ndipo ndikudandaula za kumusi, sanafunenso zambiri. Analamula jekeseni ya chindoko. Ine amene sindinagwirepo mkazi wina, ndinabayidwa jekeseni ya chindoko, womasulira akumwetulira. Nditayesa kunena kuti si zimenezo, mzunguyo anandifunsa ngati ndimatha kuyenda ndi kudya. Nditavomera, anati panja pali anthu akufa ndi chifuwa ndi khate, ndipite.

Ndinabwerera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndinakautulira Agata. Ndiwo zikachepa mchere, mlandu. Akachedwa kuchitsime, mlandu. Ndinkadziuza kuti vuto langa ndi lakuti dziko lino lilibe dokotala wofuna kumvetsera mwamuna wosauka. Ndinkakhulupiriradi kuti nditamupeza dokotala woteroyo, zonse zitha.

Ndinamupeza. Mnzanga wina wa kunkhondo, tikugulitsa fodya kumsika, anandinong'oneza za dokotala wachimwenye, wachikulire, wa pa chipatala china cha boma kutali ndi kwathu. Anati ameneyo amalankhula Chinyanja yekha ndipo amatseka chitseko. Ndinabwereka njinga n'kupita, kunyumba nditanama kuti ndikukaona abale ku Nambuma. Zinalidi choncho. Anatulutsa onse m'chipindamo, natseka chitseko, nandimvetsera mpaka ndinamaliza. Atandipima anandifotokozera ndi Chinyanja chake chopindikacho kuti ziwalo zija sizipanga mbewu yokha ayi, zimapanganso timadzi tina tolowa m'magazi, timene timameretsa ndevu, kulimbitsa thupi ndi kudzutsa chilakolako. Dzina lake anati testositeroni, liwu limene ndinadzalimvanso pa wailesi nditakalamba. Anati mwa ine timadzito tachepa chifukwa cha matsagwidi aja, si ufiti, si tchimo. Anatinso kunja kwatuluka jekeseni yatsopano yobwezera timadzito, yovuta kupeza, koma iye ayesa kuitanitsa.

Ndinatsala pang'ono kumugwadira. Koma anapitiriza.

"Mphamvu ingathe kubwerera, achimwene, koma za ana sindikulonjezani. Mbewu mwina inafa. Mubwere ndi akazi anu, ndiwauze ndi pakamwa panga kuti vuto si lawo. Akamva iwo, tiyamba mankhwala."

Inu owerenga, ndinayenda dziko lonse kufuna munthu woti andimvetsere, ndipo nditamupeza ndinamuthawa. Agata ankadziwa kuti ndafooka, koma ankayembekeza kuti ndidzachira ndipo tidzabereka. Kumubweretsa kuti amve kuti mwamuna wake mwina sadzaberekanso, zimenezo zinandikulira. Ndinkaona kale akuuza amayi ake, amayi ake akuuza achimwene awo, ine ndikumanga mphasa yanga kubwerera ku Nambuma ana akuimba kuti anagwa mu mpapaya. Ndinapalasa njinga kubwerera, ndipo Agata atandifunsa za abale ndinati onse ali bwino.

Koma akulu sapusitsika nthawi yaitali. Amalume ake a Agata, a Kamchira, amene analinso ankhoswe athu, sanali Mkhristu ndipo sankazungulira polankhula. Tsiku lina anandipeza ndekha m'chigafa ndikusoka fodya.

"Mkamwini, mizu yonse ya m'tchire muno mwana wathu wamwa. Kodi tsopano tiyang'ane mbali iti?"

Ndinangopitiriza kusoka fodya wanga, ndipo iwo anamvetsa zonse. Sanandiseke. Anati zimenezi zinaliko kuyambira kale ndipo makolo anasiya njira yake, ndiyo fisi. Fisi ndi mwamuna amene amamupempha mwachinsinsi kuti alowe m'nyumba ya mnzake wosabereka, mwini nyumba atachokapo dala. Mwana wobadwayo amakhala wa mwini nyumba, ndipo fisiyo saloledwa kutsegula pakamwa mpaka imfa. Anati ndikavomera, palibe adzadziwe, ndipo ndikhalabe pamudzi ndi ulemu wanga.

Ndinavomera msanga, mochititsa manyazi. Amene anakana ndi Agata. Analira, nati iye analumbira pa guwa, ndipo kukhala wopanda mwana kuli bwino kusiyana ndi kuchita zimenezo. Apa ndiye panali poti ndimuuze za dokotala uja. Sindinamuuze. M'malo mwake ndinamunyengerera masiku ambiri, ndinamuuza kuti akakana ndidzimangirira, mpaka anatopa. Ine ndemwe ndinasankha tsiku. Ndinanyamula fodya wanga n'kupita kumsika wa ku Msundwe, ndinakagona komweko kwa mnzanga.

Agata anaima. Mudzi wonse unasangalala, amuna anzanga akundigwira chanza, ati msilikali wadzuka. Ndipo ine, mopanda manyazi, ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Agata yekha ndiye anasiya kuyimba m'tchalitchi.

Mowa ndi umene unaulula. Fisi uja, amene a Kamchira anamusankha chifukwa chooneka wofatsa, analedzera pa dima n'kuyamba kudzitama kuti mimba ya kwa msilikali ndi yake. Za kutumidwa sananene, mwina poopa a Kamchira. Anangoti ankalowa mwini wake akachoka. Nkhani inafika kwa akatekisiti, akatekisiti anaitengera kwa ansembe, ndipo tinaitanidwa ku mishoni pamaso pa akuluakulu a mpingo.

Agata atafunsidwa sanakane. Anavomera kuti mwamunayo analowadi m'nyumba, basi, sanawonjezere kanthu. A Kamchira kunalibe, nkhani za mpingo sizinkawakhudza. Kenako ansembe anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, mwana wanga, kodi zimenezi munkazidziwa?"

Agata anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mokwiya kapena mopempha, anangondiyang'ana. M'chipindamo munali amuna amene ndinkakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu lililonse. Ndikanati inde, akanafunsa chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikanafika kumudzi ine ndisanafike.

"Ine ndinali kumsika wa fodya, Bambo."

Sindinaname ngakhale liwu limodzi, koma bodza loposa limenelo sindinanenepo m'moyo wanga. Agata anaweramitsanso mutu.

Anamuletsa kulandira Ukaristia, ndipo anamulamula kuti pa Misa azigwada panja, pakhomo la tchalitchi, kufikira ansembe atakhutira kuti walapa. Ankagwada pa timiyala, mimba ili patsogolo, anthu akumulambalala polowa. Atsikana amene iye anawaphunzitsa nyimbo ankamuloza ndi milomo. Ine ndinkakhala m'kati, pa benchi la amuna, ndipo ndinkapita kukalandira. Choipitsitsa n'chakuti ndinasanduka chitsanzo. Akatekisiti ankanditchula pophunzitsa za kukhululuka, ati taonani mwamuna uyu, mkazi wake anamulakwira koma sanamusiye. Amayi ankauza Agata kuti athokoze Mulungu pomupatsa mwamuna wa mtima wabwino. Iye ankangoti zikomo.

Mwana anabadwa wamkazi, tinamutcha Tereza. Manyazi atandipsetsa mokwanira, ndinabwereka njinga ija n'kubwerera kwa dokotala wachimwenye, ndekhandekha ndithu, ndikuganiza kuti ndikamuchonderera. Ndinapeza anachoka, ati anabwerera kwawo. Amene analowa m'malo mwake nditamutchulira za jekeseni ija anangopukusa mutu, nati za mtundu umenewo pano kulibe. Sindinapezenso wina.

Pobwera kumeneko m'pamene ndinamuuza Agata zonse, za dokotala, za jekeseni, ndi zoti anati ndibwere naye. Anali akusenda mtedza pakhonde, Tereza ali kumsana. Anamaliza kaye mtedza umene unali m'manja, kenako anandifunsa.

"Ndiye anangoti mubwere nane, eti? Abambo a Tereza, maondo amene ndinagwadira pa miyala aja, sakanandifikitsa kuchipatalako?"

Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka imfa yake. Anandiphikira, anandichapira, nditadwala anandisamala, koma sanayimbenso, ndipo m'mudzimo anafa akutchedwabe mayi uja anagwada pakhomo. Kangapo ndinkati ndikaulule kwa ansembe, ndikafika pa mishoni miyendo inkandibweza. Tereza anakula akunditcha atate, ndipo ndi iye amene akundisunga lero. Iyenso anakula akumva kuti amayi ake anali ndi mbiri, ndipo pena ankawayankha mwachipongwe chifukwa cha zomwezo, ine ndili pomwepo.

Inu amuna anzanga, kuchepa kwa mphamvu ndi matenda ngati malungo, sikusankha msilikali kapena mlimi. Funani dokotala, ndipo woyamba akakusekani kapena akakupatsani mankhwala a matenda ena, musatope, pitani kwa wina. Ndikumva kuti masiku ano mankhwala aja sasowanso ngati kale. Koma musanayambe kufuna dokotala, yambani mwauza mkazi wanu, ndipo popita mupite naye. Matenda amene mwamuna wabisa sakhala pa iye yekha, amene amawasenza ndi mkazi wake. Inunso amayi, mukaona mtsikana sakuima, musathamangire kumumwetsa mizu musanafunse mbali inayo.

Ansembe aja anamwalira kalekale, akuluakulu a mpingo aja onse anapita, Agata nayenso kulibe. Watsala Tereza, ndipo ndapempha kuti zimenezi akamuwerengere. Funso la ansembe lija ndinalizemba ndili ndi mano onse m'kamwa, ndiye ndiliyankhe lero. Inde, Bambo, ndinkadziwa. Agata anakana, amene ndinamukakamiza ndine.