Chaka chimene amayi anakana mbewu

Digiri yanga yoyamba ya zachuma inatuluka m'munda wa mtedza wa amayi. Yachiwiri analipira ndi anthu a bungwe lina lakunja, ndipo ndinkati tsopano mtedza wa amayi upuma. Sunapume.

Kwathu ndi kufupi ndi Mkanda, kumene mwana akati akuphunzira zachuma anthu amayamba amuyang'ana nsapato. Zanga zinali zodyeka chidendene, choncho ambiri anangoti mwina chumacho amaphunzitsa kumapeto. Chaka choyamba cha digiri yachiwiri tinkachita masamu a zilembo zokhazokha, ofotokoza za munthu wina wopanda m'bale, wopanda mpongozi, wosayenda maliro, amene ntchito yake ndi kudzifunira yekha zabwino kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kwathu munthu wotero akanamusamutsa m'mudzi, koma ine ndinamuzolowera, ndipo mayeso onse okhudza iye ndinakhoza bwino.

Chaka chachiwiri chinali cha kafukufuku. Aphunzitsi ondiyang'anira, bambo aulemu amene anachoka kumudzi kalekale, anapeza mbewu yatsopano ya mtedza yopirira ku khate, matenda aja opinimbiritsa mtedza n'kuusiya wachikasu. Funso langa linali lakuti kodi mbewuyo imawonjezera zokolola. Mlimi aliyense akanandiyankha ali chikhalire pakhonde, koma kuyunivesite yankho lopanda umboni ndi miseche chabe. Njira yake inali yogawa mabanja m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina lilandire mbewu, lina lilime mtedza wake wa masiku onse wa chalimbana, ndipo pokolola tiyerekeze.

"Gulu losalandiralo ndiye mtima wa kafukufuku wanu," anatero aphunzitsi. "Lisakhudze mbewuyo ngakhale njere imodzi. Likakhudza, mulibe choyerekeza, ndipo mulibe digiri."

Ndinasankha mudzi wa kwathu. M'kalata yopempha chilolezo ndinalemba kuti anthu ake ndimawadziwa bwino. Chifukwa chenicheni chinali chakuti kwathu ndimagona ndi kudya ulere.

Maere tinachitira pabwalo la tchalitchi, mapemphero a Lamlungu atatha. Ndinatolera zitsekerero za mabotolo, zina ndinazipaka utoto wofiira mkati, n'kuziponya m'ndowa yophimba ndi chitenje. Wotola chofiira walandira. Amayi anakhala kutsogolo penipeni atavala duku latsopano, pakuti mlungu wonse anali akuuza anthu kuchigayo ndi kumjigo kuti mwana wawo wabwera ndi mbewu. Nthawi yawo itakwana anapisa dzanja mosatekeseka, ngati munthu wotapa ufa m'nyumba mwake. Chimene anatulutsa chinali chopanda utoto.

Anachitembenuza uku ndi uku. Kenaka anatambasulanso dzanja kuti apisenso, ine ndinabweza ndowa kumbuyo. Otsatira anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene anatola chofiira n'kuyamba nthungululu, koma anaidula pakati ataona nkhope ya akulu awo.

Madzulo ake ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akuswa mtedza wa mbewu. Sanandiyang'ane.

"Iwe, ndowa ija ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, amayi."

"Nanga chitenje chophimbira chija?"

"Chanunso."

"Zitsekererozo anapenta ndani?"

"Ndine."

"Ndiye dzanja langa lalakwa chiyani?"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za magulu awiri, za kuyerekeza, za chilungamo cha maere. Ndinafotokoza bwino kwambiri, moti aphunzitsi akanandimva akanandipatsa malikisi onse. Amayi anangopitiriza kuswa mtedza.

"Ndiye kuti iwe ukhoze, pafunika anthu ena alephere?"

"Osati kulephera, amayi. Angolima monga amalimira chaka chilichonse."

"Ndi chimodzimodzi." Anapeta makoko m'lichero, kenaka anandiyang'ana koyamba. "Tandiuza chilungamo. Ine ndikadzala mbewu yakoyo, sukulu ulephera?"

Yankho lenileni linali lalitali, lofuna bolodi ndi choko. Ine ndinali nditatopa, ndiye ndinangoti, "Eya."

"Chabwino," anatero amayi, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.

Tsiku logawa mbewu ndinalankhula mwamphamvu kuti wolandira asagawire wina aliyense. Anthu anagwedeza mitu, ena mpaka kuwomba m'manja. Ndinabwerera kutauni mtima uli m'malo, ndipo ndinauza aphunzitsi kuti alimi amvetsa. Sindinakumbukire kuti kwathu mlendo wobwera ndi katundu satsutsidwa katunduyo asanatsike m'galimoto.

Mvula inagwa, anthu anadzala. Ndinabweranso mu Febuluwale kudzayeza minda. Kuchokera pa Kamwendo ndinakwera kabaza, ndipo tikuyandikira kwathu ndinayamba kuyang'ana uku ndi uku mosangalala. Mbewu yatsopano siivuta kuizindikira, imaima chilili pamzere pomwe chalimbana amayanga. Munda woyamba unali wa olandira, mtedza uli biriwiri. Wachiwiri unali wa osalandira, mtedza uli biriwiri, woima chilili. Wachitatu chimodzimodzi. Pofika pakhomo, kumutu kwanga kunali kutatentha.

Ndinathamangira kwa amayi aang'ono, amene ndinawapeza akupalira.

"Amayi, mbewu ija yapezeka bwanji m'minda ya anthu osalandira?"

"Yayenda ndi miyendo," anatero akuseka. "Mwanawe, mbewu samanana. Ine ndidzale thumba lonse, apongozi anga akuyang'ana? Mawa khate likandigwera ine, ndikagogoda kwa ndani? Kupatsa n'kuika."

Anandiuza mmene zinayendera. Tsiku logawa mbewu lija, ine nditangokwera kabaza kubwerera kutauni, madzulo omwewo aliyense wolandira anachezeredwa ndi abale, mbale ili kunsi kwa chitenje. Wolandira mbale nayenso anatapirako mnzake m'kapu. Palibe anaitanitsa msonkhano, palibe anapempha ndi pakamwa. Ndi mmene amachitira makuponi a feteleza akabwera ochepa: thumba limodzi limang'ambidwa n'kuyenda m'makomo pa mbale. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndili wamng'ono ndinkatumidwa ndi mbale yomweyo. Kuti ndiziiwale panafunika mabuku okwera mtengo ndi aphunzitsi odziwa ntchito yawo.

Ndinakwiya koopsa. Ndinakwiyira mudzi wonse chifukwa cha chifundo chake, ndipo ndinaona digiri yanga ikupita ndi madzi.

"Ndiye onse adzala?"

"Onse, kupatula akulu anga." Apa amayi aang'ono anasiya kuseka, natsamira khasu. "Ndinawatengera beseni lodzaza, anandibweza nalo. Ndinapitanso, anandibwezanso. Ndinatuma mdzukulu akalisiye pakhonde, m'mawa ndinalipeza pakhomo panga. Munthu wobadwa naye bere limodzi kukukanira mbewu, pamudzi anena kuti chiyani? Ena akuti ndi matama a mwana wophunzira, ena akuti akundisungira chakukhosi chifukwa cha chitsekerero chija. Ine ndi iwo panopa sitikulankhulana."

Munda wa amayi uli kumapeto, cha kudambo. Ndinauona ndili patali chifukwa ndi wokhawo unali wachikasu. Khate linali litalowa kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, mtedza utafwanyalala pamizere ngati nkhuku zonyowa. Amayi anali pakati pake akuzula udzu, ngati kuti panali choti apulumutse.

"Wabwera kudzayeza?" anandifunsa akuwongola msana. "Yeza bwinobwino. Muno mulibe njere ya eni ake ngakhale imodzi. Anzangawa ndinawauza kuti mumuphera mwana sukulu, koma makutu alibe. Bola ine ndakusungira pako poyerekezera."

Ndinafuna kuwauza kuti munda umodzi sungaimire gulu, kuti kafukufuku wafa kale, kuti akanangolandira beseni lija. Koma nthawi yodzala inali itapita, ndipo mawuwo sakanameretsa kanthu. Ndinatulutsa tepi n'kuyeza, amayi atandigwirira mbali inayo. Misozi inkandilepheretsa kuwerenga manambala, ndipo ndinanamizira dzuwa.

Chaka chimenecho mudzi unakolola mtedza wosaoneka ndi kale. Mavenda a pa Kamwendo ndi ena a kutsidya kwa malire anamanga masikelo awo pansi pa mitengo. Amayi anakolola wongokwana m'madengu ochepa, wambiri wake mphwephwa zopanda njere. Iwo amene ankalemba anthu aganyu, chaka chimenecho anakathothola mtedza m'minda ya anzawo. Tsiku lina anandiimbira foni yobwereka.

"Kodi mayeso ako aja atha? Mng'ono wangayu watumiza nsinjiro za mtedza watsopano uja. Ndithire m'ndiwo, kapena ndidikire kaye?"

Ndinawauza kuti athire.

Kwa aphunzitsi ndinapita ngati wopita kukamva chilango. Ndinatsegula kompyuta n'kuwaonetsa chithunzi cha zokolola, banja lililonse kadontho kake. Madontho a magulu onse awiri anali ataunjikana pamwamba, osadziwika wolandira ndi wosalandira. Ndinawafotokozera za mbale ndi makapu. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Kwathunso ankatero," anatero akupukuta m'maso. "Musadandaule. Sinthani mutu. Lembani za mmene mbewu imayendera m'chibale. Zimenezi ndi zimene akuzifuna masiku ano, mwina mpaka mukazinena kunja."

Mtima unatsika. Digiri inali itabwerera, ndipo anaibweza ndi anthu omwe aja osamva malangizo. Aphunzitsi anavalanso magalasi n'kuloza pansi pa chithunzicho, pomwe panali kadontho kamodzi kokhakokha, kutali ndi anzake.

"Nanga aka?"

"Ndi banja lina limene silinalandire mbewu kwa aliyense."

"Kachotseni. Kakukhotetsa mzere. Mwina munalakwitsa poyeza."

"Sindinalakwitse. Ndinayeza ndekha."

"Ngakhale zili choncho, banja limodzi silitiuza kanthu."

Malinga ndi mabuku onse amene ndinawerenga, aphunzitsi ankanena zoona. Sindinawauze kuti banjalo ndi la ndani. Ndinadina batani, mzere unawongoka.

Tsiku lolandira digiri amayi anabwera pa minibasi limodzi ndi amayi aang'ono, atagwirizananso, ngakhale kuti njira yonse ankatsutsana za yemwe anayamba kulankhula mnzake. Mwambo utatha tinakhala pa kapinga. Amayi anatenga chisoti changa n'kuchiika pamwamba pa duku lawo.

"Mwaona?" anauza mng'ono wawo. "Ndikanalandira beseni lanu lija, bwenzi chisoti ichi chili kuti? Njala ija sinapite pachabe."

Amayi aang'ono anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga, zomwe tsopano zinali zatsopano. Kenaka amayi anaitanitsa buku la kafukufuku, lachikuto chakuda. Chingerezi sawerenga, koma analitsegula mwaulemu ngati la nyimbo.

"Munda wanga uli pati m'menemu?"

Ndinatsegula tsamba la madontho lija. Ndinawaonetsa a anzawo onse pamwamba, kenaka ndinatsitsa chala mpaka pansi, pamalo oyera pomwe kadontho kaja kanali.

"Apa, amayi."

Anayandikitsa bukulo kumaso, analitalikitsa, analipendeketsa kuti dzuwa liwalepo. Anapukuta pamalopo ndi nsonga ya chitenje n'kuyang'ananso.

"Maso anga atha," anatero, n'kutseka bukulo mosamala.