Chithunzi cha Mkazi wa Wojambula

A Sekererani anapata dzinali chifukwa ndi mawu amene amauza aliyense woima kutsogolo kwa kamera yawo. Ajambula maukwati, makanda, ngakhale mbuzi ya munthu wina amene ankaopa kuti idzabedwa. Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi malo otsukirapo magalimoto. Tauni yonse yalowamo n'kutuluka ndi chithunzi, kupatula akazi awo.

Sikuti anaiwala ayi. Ali pachibwenzi analonjeza kuti mayiwa adzawajambula utawaleza weniweni uli kumbuyo, osati nsalu ya mathithi imene aliyense amaimapo. Ndipo utawaleza amaudziwadi bambowa. Amafotokozera wofunsa ndi wosafunsa yemwe kuti umafuna dzuwa litapendeka kumbuyo kwako, mvula ili kutsogolo. Kuwala kukalowa m'dontho kumapindika, n'kubwerera m'maso mwako kutagawikana mitundumitundu. Vuto n'lakuti utawaleza sudikira kuti munthu asite diresi. Ukatuluka, mayi ali kumsika. Mayi akavala, wazimirira.

Tsiku lina madzulo mayi anatulukira pasitudiyo atatchena, tsitsi lili lokonzakonza.

"Bambo, imvi zayamba. Mukapanda kundijambula lero, ndikupita kwa wojambula wa kudepoti uja. Iye utawaleza amaika pakompyuta, ngakhale iwiri ukafuna."

"Kwa wabodza uja? Amene amandilanda makasitomala? Mkazi wanga akalowe mmenemo, anthu ati chiyani?"

"Ati mwamuna wake akudikira mitambo."

Kumwamba kunali mbee, kopanda n'kamtambo komwe. A Sekererani anayang'ana uku ndi uku, mpaka maso awo anagwera pa wotsuka magalimoto amene ankapopera madzi minibasi.

"Achimwene, lozetsani payipiyo m'mwamba! Panani kukamwa kwake ndi chala!"

Madzi anamwazika ngati nkhungu, ndipo utawaleza uja ndi uwo, waung'ono koma wowala bwino. Bambo anaima atafulatira dzuwa monga amaphunzitsira anzawo. Chimene sanaganizepo zaka zonsezi n'chakuti dzuwa likakhala kumbuyo kwa wojambula, limakhala kumaso kwa wojambulidwa.

"Tsegulani maso, mayi! Sekererani!"

"Nditsegule bwanji dzuwa likundibaya? Madziwanso akundinyowetsa, inu!"

"Mukuuphimba. Sunthirani kumanzere. Pang'ononso. Pang'ononso. Eyaa, pomwepo!"

Chithunzi chitatuluka, telala anasiya makina ake kudzaona. Utawaleza unali pakati penipeni, wokongola mosaneneka. M'mphepete munkaoneka khutu limodzi ndi phewa lonyowa.

Mayi anachiyang'ana kwa nthawi ndithu.

"Wakongoladi mkazi wanuyu," anatero. "Muzimuphikitsa."

Ananyamula chikwama chawo n'kulunjika kudepoti, diresi likudontha. A Sekererani anatsala pakhomo, chithunzi chili m'manja, akuona mayi akuwoloka msewu. Anatsegula pakamwa kuti apepese, koma chimene chinatuluka ndi china:

"Mukamuuze kuti mtundu wofiira umakhala pamwamba! Amatembenuza ameneyo!"