Kapu ya Madzi a Pampopi

Chaka chimene mwana wanga anayamba kudya phala, ku Karonga kunagwa mvula yoopsa. Kenako kunamveka mphekesera yoti madzi oipa a ku mgodi wa yureniyamu asefukira mumtsinje umene umatipatsa madzi a pampopi. Ine ndinali mphunzitsi wochokera ku Dedza, wopanda wachibale wa kumudzi woti ndikatunge pachitsime chake. Mtima unali m'mwamba.

Ndinachita zimene timachita kukabuka kolera: kuwiritsa. Ndinkawiritsa mpaka madzi kutsala theka la poto. Mnzanga wophunzitsa sayansi atamva anandiseka. "Amayi, yureniyamu si kachilombo koti kafe ndi moto. Madzi akuuluka, iyeyo akutsala mupoto." Ndinamukwiyira tsiku lonse ngati ndiye anakumba mgodiwo.

Tsiku lina kunabwera bambo woyeza madzi, atanyamula timabotolo m'bokosi. Anatunga pampopi wathu n'kunena kuti zotsatira zichedwa, makina oyezera ali kutali. Anati pali mlingo wa yureniyamu umene madzi akumwa sayenera kupyola. Ndinafunsa ngati athu apyola. Anati tidikire.

Kudikira, mwana akufuna phala? Ndinapeza nzeru yanga. Ndinatunga madzi pampopi pomwepo iye akuona, ndinagwada n'kumupatsa kapu. Mumtima ndinati akakana, ndadziwa zoona zake. Maso anga anali pakhosi pake. Anamwa onse, n'kuthokoza.

Ndinathamangira kwa mayi oyandikana nawo nyumba, mbadwa ya komweko, ndikudzitama. Anandimvetsera akupeta mpunga.

"Mwana wane, kuno mlendo sakana maji," anatero. "Mukanampatsa a m'chithaphwi, akanamwabe. Ndi ulemu, mama. Munagwada inu, iye akanatani?"

Chimwemwe chinathera pomwepo. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha kuposa poyamba.

Kunyumba ndinapeza mwana akulira kumsana kwa mchemwali wanga amene ndinabwera naye kuchokera ku Dedza. Ndinatsegula mpopi, n'kutseka, n'kutsegulanso. Madzi anali oyera mbee, opanda fungo, ngati masiku onse. Ndinaphika phala. Supuni yoyamba ndinadya ine, ngati kuti lilime langa lingadziwe kanthu. Yachiwiri mwana anaitsegulira pakamwa yekha, akundiyang'ana m'maso, ndipo anameza osakana, ngati mlendo uja.